ZA CUMA CA M'MAIKO: Mtengo wa Tesla ndi Mitima ya Ogula Masheya

Sabata ino tiyeni tiwoloke nyanja tikafike ku Amereka, kumene kuli mkangano umene watenga zaka zoposa 10 osatha. Mkanganowo ndi wa kampani yochedwa Tesla, imene ipanga magalimoto oyendera magetsi m'malo mwa petulo kapena dizilo. Funso lake ndi limodzi lokha: kodi kampaniyi mtengo wake weniweni ndi wotani?

Inu amene munalowapo m'bungwe la alimi la kopaletivu mudziwa kale sheya. Munthu apereka ndalama, nakhala mmodzi wa eni ake a bungwelo. Kusiyana kwake ndi kwakuti masheya a makampani akuluakulu agulitsidwa pa msika tsiku ndi tsiku, ndipo mtengo wake uyenda monga wa ng'ombe: ogula akacuruka ukwera, ogulitsa akacuruka utsika. Mukawonkhetsa masheya onse pa mtengo wa tsikulo, mwapeza mtengo umene msika waika pa kampani yonse.

Tesla inayamba kugulitsa masheya kwa anthu mu Juni 2010, pa madola 17 sheya imodzi. M'caka ca 2020 cokha mtengowo unawirikiza ka 8, ndipo mu Julaye caka cimeneco msika unaika Tesla pamwamba pa Toyota ya ku Japan. Koma taonani apa. Caka comweco Tesla inagulitsa magalimoto pafupifupi 500,000, pamene Toyota inagulitsa oposa 9 miliyoni. Kuli monga kunena kuti munda wotulutsa matumba 5 a cimanga upambana mtengo munda wotulutsa matumba 95.

Nanga amene agula pa mtengo wotere ndani? Mabungwe akuluakulu osunga ndalama alimo ndithu, koma cimene cicititsa cidwi pa Tesla ndi unyinji wa anthu wamba amene aikamo ndalama zao za pamwezi. Ambiri analowa pa nthawi ya mliri wa Covid-19, atabindikira m'nyumba, nagula masheya pa foni ya m'manja popanda kulipira nkhoswe. Ngakhale ku South Korea, Tesla inasanduka sheya yakunja imene anthu wamba anaikonda kopambana zonse. Kampaniyo idziwa bwino anthu ake. Mu Ogasiti 2020 inagawa sheya iliyonse pasanu, ndipo mu 2022 inaigawanso patatu, kuti wa ndalama zocepa athe kugula. Dzungu silikula cifukwa calidula zidutswa zambiri, komabe mtengo unakwera kwambiri atangolengeza kugawa koyambako.

Okhulupirira Tesla akuti kuiyerekeza ndi Toyota ndi kusamvetsa. Iwo sagula zokolola za lero, agula za mawa: magalimoto odziyendetsa okha, mabatire osunga magetsi, ndi makina ooneka ngati munthu ogwira nchito m'mafakitale. Okayika nawo akuti mawa amenewo alonjezedwa caka ndi caka. Ena mwa okayikawo anabwereka masheya nawagulitsa, ali ndi ciyembekezo cakuti adzawagulanso mochipa mtengo ukagwa. Mu 2020 anataya madola mabiliyoni ambiri, ndipo anthu wamba anawaseka mokweza.

Ife tiona kuti pakati pa nkhani yonseyi pali munthu mmodzi, Bambo Elon Musk, wobadwira ku Pretoria, amene atsogolera kampaniyi kucokera mu 2008. Mau ao alemera pa msika kuposa mabuku a ndalama a kampani. Mu 2018 analengeza kuti ndalama zogulira masheya onse pa madola 420 zapezeka, koma sizinatero. Boma la Amereka linawalipiritsa madola 20 miliyoni, ndipo anatula pansi upampando wa bungwe loyang'anira kampani. Mu Meyi 2020 iwo okha analemba kuti mtengo wa sheya wakwera mopyola muyeso, ndipo tsiku lomwelo unatsika ndi limodzi mwa magawo 10. Kodi munaonapo mwini ng'ombe wotere pa msika?

Tsono amene apindula ndani? Amene anagula sheya imodzi mu 2010 naisunga ali ndi masheya 15, ndipo tisabise, anaona patali kuposa akatswiri ambiri. Koma amene analowa mu Novembala 2021, kampani itangopyola mtengo wa madola mabiliyoni 1,000, anaona zina. Mu 2022, caka cimene a Musk anagula Twitter pa madola mabiliyoni 44, mtengo unagwa ndi magawo pafupifupi awiri mwa atatu. Unabwerera pomwe unali mu Disembala 2024, patapita zaka zitatu. Wolemera angathe kudikira zaka zitatu. Amene anaikamo ndalama za lendi kapena za sukulu ya ana anagulitsa motaya, ndipo dzina lake silimveka pamene opambana asimba nkhani zao.

Cikhulupiriro ca otsalawo sicinagwedezeke. Mu 2024 magalimoto ogulitsidwa anacepa poyerekeza ndi caka capita, mu 2025 anacepanso, ndipo kampani ya BYD ya ku China inapambana Tesla pa magalimoto a magetsi. Komabe mu Novembala 2025 eni masheya anabvomera, ndi mavoti oposa atatu mwa anai alionse, malipiro a a Musk amene angafike madola mabiliyoni 1,000 ngati kampani ikwanitsa zimene anapangana. Mutu umodzi susenza denga, koma eni masheya a Tesla ayesa kuti uwu usenza.

Kwa ife kuno ku Zambia, mbali imene itikhudza ndi mkuwa. Galimoto ya magetsi idya mkuwa wocuruka kwambiri kuposa ya petulo, m'mawaya, m'injini ndi m'batire, ndipo mu Epulo 2022 dziko lathu linapangana ndi Congo kuti tigwirizane pa nchito yopanga zipangizo za mabatire. Migodi ya ku Kopala ndi ku Solwezi siwerengera mtengo wa sheya ya ku New York. Iwerengera magalimoto amene apangidwa, ndipo mwa magalimoto a magetsi ogulitsidwa pa dziko lonse mu 2024, oposa theka anagulidwa ku China.