Za Ana Athu: Nambala Yaikulu Imagonja Tikaigawa

Mwezi uno tikambirane za masamu ochulukitsa. Ana ambiri amayenda bwino pa nambala zazing'ono monga 6 × 4, koma akangoona 23 × 14 amataya mtima. Mwana wotere si mbuli ayi. Kawirikawiri analoweza njira osamvetsa chifukwa chake, ndipo akapanda kuthandizidwa msanga adzafika nalo vutoli pa mayeso a Sitandade 8, ngakhalenso pamsika pamene anthu osaona mtima angamubere.

Thandizo lili pakhomo pomwepo. Tiyeni nayeni kumunda mwanayo. Muli mizere 14 ya chimanga, ndipo mzere uliwonse uli ndi mapando 23. Kodi mapando onse ndi angati? Musamuuze kuti alembe. Ayambe wapatula mizere 10: mapando 23 kakhumi ndi 230. Yatsala mizere 4. Awirikize 23, apeza 46. Awirikizenso, apeza 92. Tsono aphatikize 230 ndi 92, yankho ndi 322. Watsiriza samu yonse ndi zinthu zimene ankazidziwa kale.

Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha 0 uja amene aphunzitsi amati alembedwe pa mzere wachiwiri. Mu nambala 14, 1 uja akuimira khumi, osati chimodzi. Mwana woiwala zimenezi amaphatikiza 92 ndi 23 napeza 115. Musafulumire kumukalipira. Mufunseni mofatsa kuti, "Kodi mizere 10 yokha ija inali ndi mapando angati?" Akakumbukira 230, adzaona yekha kuti 115 yachepa. Mzoloweretseni kuyerekeza chotere asanalembe yankho lililonse.

Njira ina ndi yobwereka. Pa 19 × 25, mwana ayese ngati ndi 20 × 25, ndiyo 500, kenaka abweze 25 amene anabwereka uja. Atsala ndi 475.

Kugawa chinthu chachikulu m'magulu ndi nzeru yakalekale. Pa Marko 6 timawerenga kuti Ambuye Yesu asanadyetse amuna 5,000 aja, anthu anakhala pansi m'magulu a 100 ndi a 50. Khamu losawerengeka linasanduka loti munthu n'kuliwerenga.

Inu achinyamata a kusekondale, ntchitoyi ndi yanunso. Khalani pansi ndi ang'ono anu ndi alongo anu madzulo, mutole njere za nyemba kapena timiyala, muunjike m'milu ya khumikhumi. Samu ziwiri kapena zitatu patsiku n'zokwanira, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo inu bambo ndi mayi, ngakhale simunapite patali ndi sukulu, mumawerengera njerwa za nyumba ndi mitengo ya katundu tsiku ndi tsiku. Werengerani mokweza mawu, mwana amve m'mene mumaganizira.