DIMBA LA PAKHOMO LITSATE MSINKHU WA BANJA

Acikumbe anzanga, ulipo munda umodzi umene tiuiwala powerenga maekala athu, ndiwo kadimba ka kuseri kwa nyumba pamodzi ndi bwalo lozinga khomo. Cimanga ticipatsa mizere yabwino, fodya timpatsa nazale ndi cigafa, koma za pakhomo tingosiyira mai ndi ana kuti aone okha cocita. Kumeneku ndiko kulakwa, pakuti pa tsiku la tsoka munda waukulu ndiwo uyamba kumera chire, ndipo banja litsala kudya za pakhomo. Cifukwa cace ine nditi dimba la pakhomo likonzedwe molingana ndi manja ofooka a m'nyumbamo, osati manja olimba ai, ndipo lizisintha monga umo banja lisinthira.

Mbiri ya dziko lathu itiphunzitsa cimeneci. Pa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri dera la Blantyre, amuna ambiri anacoka kukafuna cakudya kutali, ena osabweranso, ndipo akazi ndi nkhalamba anatsala okha ndi ana. Zaka zambiri anyamata ankapita ku migodi ya ku Johannesburg ndi WENELA, kufikira ulendowo unaimitsidwa m'caka ca 1974, ndipo ngakhale lero lomwe ambiri akali kupita ku Joni pa okha. Tsono khomo liri lonse lidziwe kuti tsiku lina khasu lalikulu lidzacokapo, kapena ndi ulendo, kapena ndi matenda, kapena ndi imfa.

Tiyambe ndi a banja latsopano. Akulu anati m'mera mpoyamba. Pamene muli awiri okha, ndi mphamvu zanu zonse, imeneyo ndiyo nthawi ya kubzala zinthu zokhalitsa. Papaya ubala caka cimodzi cisanathe kapena citangotha. Nthoci itenga caka kapena caka ndi theka. Mango wa mbeu afuna zaka 5 kapena 7, koma womezanitsa abala pa zaka 3 kapena 4. Mukabzala mango caka ca ukwati wanu, mwana wanu woyamba adzawadya poyamba sukulu. Mangani mpanda, kumbani dzenje la manyowa pafupi ndi khola, ndipo zinyalala za pabwalo, phulusa ndi zitosi za nkhuku zizipita m'menemo, zisamatenthedwa kudzala.

Ndidziwa cimene mkamwini adzayankha. Adzati, ndibzalirenji mtengo pa mudzi wa eni, ine amene mawa akhoza kundilozera njira? Mau amenewa si opusa, pakuti zoterezi zicitika ndithu. Koma taganizani, bambo: pa mwambo wa cikamwini ana anu ndiwo eni mudziwo. Mungacoke inu, iwo adzatsala pomwepo, ndipo mthunzi ndi zipatso zidzakhala zao. Munthu wokana kubzala poopa kuti akucimuna adzadya nao amana ana ace omwe.

Ana akayamba kubadwa, dimba likule, ndipo likhale la ndiwo makamaka. Nsima yokha ikhutitsa mimba koma siikuza mwana. Bzalani mpiru, bonongwe, maungu a nkhwani, nyemba za khwanya, ndi mbatata yofiira m'kati, imene iri ndi Vitamini A wothandiza maso ndi kulimbitsa thupi. Masamba ace ndiwo kholowa. Pa nyengo ya dzinja masamba acuruka mpaka kuwola, koma pofika mwezi wa Okutobala mtanda wa nsima usowa potowera. Amai akale anadziwa mankhwala ace: ankafutsa masamba, nawayanika, nawasunga m'zikwatu za masamba a msuku. Mfutso si cakudya ca umphawi ai, ndi nkhokwe ya ndiwo, ndipo mwana wamkazi ali yense ayenera kuuphunzira kwa amace kapena kwa agogo ace.

Kwa inu olima fodya ndiri ndi mau awiri. Loyamba ndi ili: nazale ifuna madzi m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, pamene zitsime ziri pafupi kuphwa, ndipo kawiri-kawiri ndiwo ndizo zimanidwa. Pambuyo pace nchito ya kuthyola ndi kusoka idza pamene nkhokwe iri pansi, ndalama zace nkudzabwera miyezi itapita. Paja amati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Siyani mabedi awiri kapena atatu amene nazale siiwakhudza konse. Laciwiri: musabzale matimati, mabiringanya kapena therere lobala pamene panali nazale, cifukwa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene titupitsa mizu ya fodya tigwiranso mbeu zimenezi. Nthenda ya mawanga pa masamba a fodya iyendanso ndi manja, cotero sambani ndi sopo musanagwire matimati.

Tsono ifika nthawi yobvuta, pamene bambo wapita ku ulendo, kapena mmodzi wa awiriwo wamwalira, kapena ana akula namwazikana, nkhalamba nkutsala yokha. Apa ambiri alakwa pofuna kusunga dimba lonse monga linaliri kale, poopa kuti anthu adzati khomo lagwa. Mathero ace athirira ponse pang'ono-pang'ono, ndipo zonse zifota. Kucepetsa dimba si manyazi. Mabedi awiri a mapazi 4 m'lifupi ndi mapazi 12 m'litali, oyandikana ndi khicini, okutidwa ndi udzu kuti cinyontho cisathawe, aposa dimba lalikulu la kudambo limene miyendo siingathe kufikako. Bedi la mapazi 4 munthu alipalira ali m'mbali, osaponda m'kati. Madzi otsukira mbale ndi osamba apite ku nthoci, asatayike pabwalo. Malo otsalawo bzalanipo mbeu zosalira kuthirira: cinangwa, cimene cipatsa cigwada ndi mizu yomwe, nandolo, amene akhala zaka zingapo mukamdulira, nabwezera conde m'nthaka, ndi cam'mwamba, mtengo umene masamba ace ndi ndiwo zabwino. Pamenepo mitengo ija munabzala pa unyamata iyamba kukubwezerani mangawa.

Ndinenenso kwa abale, makamaka inu amalume, eni mbumba. Pa maliro tisonkhana ambiri, koma patapita mwezi mpanda wa wamasiye ugwa, mbuzi nkulowa, popanda mmodzi wodza ndi nsungwi. Kulira kwenikweni ndiko kumanganso mpandawo ndi kufukula citsime cace. Ndipo amene alanda dimba kapena mitengo ya wamasiye adziwe kuti m'Malawi muno lamulo la cuma ca masiye la caka ca 2011 liletsa kulanda katundu wa akazi amasiye ndi ana.

Cotero, acikumbe anzanga, mvula isanagwe khalani pansi ndi akazi anu, muwerenge manja amene ali pakhomo panu caka cino, muwerengenso amene angatsale ngati mmodzi acoka. Mukatero yesani dimba lanu ndi muyeso umenewo, kumbani maenje a mitengo, ndipo pamene pakusautsani funsani mlangizi wa m'dera lanu.