Pakhomo pano padali ena, padzakhalanso ena

Sabata ino tiyeni tilingalire za filimu ya ku America yotchedwa Here, yomwe idatuluka m'chaka cha 2024. Adaikonza ndi Robert Zemeckis, ndipo mbali zikuluzikulu adasewera ndi Tom Hanks ndi Robin Wright. Chodabwitsa chake n'chakuti pafupifupi filimu yonse kamera siisuntha. Imangoyang'ana pabalaza pa nyumba imodzi. Mabanja amalowa ndi kutuluka, ana amabadwa, makolo amakalamba n'kumwalira, koma malowo ali pomwepo. Timaonanso eni nthaka akale akuyenda m'nkhalango pamalo omwewo nyumbayo isanamangidwe. Kumapeto, bambo wokalamba amabwerera ndi mayi amene adakhala naye m'nyumbamo zaka zambiri. Mayiyo adayamba kuiwalaiwala, koma atakhala m'chipinda chopanda katunducho, moyo wake wakale umamubwerera m'maganizo.

Kwa ife a ku Mangochi, nkhani yotere si yachilendo. M'midzi yathu yambiri mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, choncho bwalo limodzi limasunga agogo, mayi, mwana ndi mdzukulu. Nyumba ya udzu imagwa, ya malata imamangidwa, koma mlambe umene agogo a agogo athu ankasokera ukonde pamthunzi pake ukadali chiimire. Ngakhale tauni yathu yasintha dzina: idayamba mu 1891 ikutchedwa Fort Johnston, koma mtsinje wa Shire umene makolo a kwa Mponda ankaoloka ndi womwewu.

Funso lathu n'lakuti: kodi adzukulu athu adzapeza bwalo loti abwererepo? Tiyende m'mbali mwa nyanja kuchokera ku boma mpaka ku Monkey Bay. Malo ambiri amene asodzi ankakochezapo mabwato ndi kuyanikapo usipa lero ali m'kati mwa mipanda ya malo ogona alendo. Enafe timakakamiza amalume kuti agulitse munda kapena doko la mbumba kuti tipeze ndalama ya pasipoti ndi ya basi yopita ku Joni. Sitikunyoza wofuna ntchito, pakuti umphawi ndi woona ndipo chambo chidachepa m'nyanja. Koma ndalama ya malo imatha miyezi yowerengeka, pamene malowo apita mpaka kalekale. Pajatu kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Tikuganiza kuti pali zinthu ziwiri zimene tingachite. Choyamba, tikhale pansi ndi agogo akadali ndi moyo. Tiwafunse amene adayamba kumanga pakhomopo, kumene adachokera, pamene malire a munda adutsa, ndi amene adagona kumanda a banja. Tilembe zonsezi m'kope, chifukwa nkhalamba ikatisiya, mikangano ya malire imayamba tisanamete n'komwe. Chachiwiri, tiphunzire lamulo lokhudza malo a makolo la chaka cha 2016, lomwe limapereka mwayi wolembetsa malo otere m'kaundula. Banja likagwirizana, alongo athu ndi ana amasiye savuta kuwateteza.

Pakhomo pamene tikukhala lero sitidayambe ndife, ndipo sitidzamaliza ndife. Tangosungitsidwa. Sabata ino, madzulo amodzi tizimitse foni, tikhale pamkeka pafupi ndi agogo, tiwafunse kuti: "Agogo, pano padali ndani ife tisanabadwe?"