Wophika akutsekula m'mimba, mlendo akudya saladi

Anzanga a kunyanja, makamaka inu ovala apuloni m'maloji ndi m'malesitilanti kuyambira ku Monkey Bay mpaka Senga Bay, werengani mpaka pansi musanatumize kwa ena. Ine zandikwana.

Sabata ziwiri zapitazo ndinadzuka cha m'ma 3 koloko usiku m'mimba mukupota. Dzuwa lisanatuluke ndinali nditapita kuchimbudzi kanayi. Ndinaimbira manijala kuti bwana, lero sindikwanitsa. Iwo amvekere, "Kukubwera basi ya alendo, kukhitchini kulibe wina. Ukapanda kubwera usabwerenso." Ndinapita, aise. Ndinapala chambo, kukazinga tchipisi, kudula tomato ndi anyezi wa saladi, uku ndikuthamangira kuseri mphindi 20 zilizonse. Kuchimbudzi cha antchito kulibe sopo, sopo amakhala kwa alendo. Mlendo anadya, kumwetulira, n'kusiyanso tipi. Sanadziwe kumene dzanja lija linachokera.

Tayiwala kale eti? Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ife a Mangochi, Salima ndi Nkhotakota matenti a odwala tinawaona ndi maso athu. Nthawi imeneyo mabwana omwewa anaika zidebe za madzi a mankhwala pageti kuti aliyense asambe m'manja asanalowe. Lero munthu wotsekula m'mimba akumuuza kuti akaime pa mbaula. Ndiye chidebe chija chinali choteteza anthu kapena chongoonetsa a zaumoyo akamadutsa?

Zimene satiuza ndi izi. Lamulo la za ntchito, Employment Act ya 2000, limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda: masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata ena 8 pa theka la malipiro, chaka chilichonse, bola abweretse kalata ya dokotala. Limatinso ntchito ya masiku onse isapitirire maola 48 pa sabata, opyola pamenepo ndi ovataimu. Tandiuzeni, ndani wa inu pa Khirisimasi kapena Isitala anawerukapo nthawi yake? Timalowa 6 m'mawa, kutuluka mlendo womaliza akatopa ndi mowa.

Tsono mabwana lamuloli amalidziwa kuposa ife, n'chifukwa chake amasewera ndi miyezi 12 ija. Mvula ikayamba, alendo akachepa, amati kapumeni kaye tidzakuitanani. Isitala ikayandikira akuimbira foni, ukuyambanso ngati mlendo. Ine malo amenewa ndagwirapo zaka zitatu, ndimadziwa ndi poto yemwe amadontha, koma iwo amati ndine waganyu. Chomwe amabisa n'choti lamulo lomwelo limanena kuti ngati ntchito ndi ya nyengo ndipo umabwerera kwa bwana yemweyo nyengo zotsatizana, miyezi yonse imene wagwira imaphatikizidwa. Werengani yanu muone ngati siikupyola 12.

Nkhani ya kalata ya dokotala nayonso ndi mtolo. Uli ndi malungo, thupi likunjenjemera, ukwere kabaza ndi ndalama yako, ukakhale pamzere kuchipatala mpaka masana, akubaye chala, akupatse LA wa masiku atatu. Ukabwera nalo buku la kuchipatala manijala akuliyang'ana ngati walemba wekha. Mwezi ukatha wapeza masiku atatu aja adula. Pa malipiro ati? Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mbale imodzi ya chambo imene ndimanyamula imaposa zimene ndimapeza tsiku lonse.

Bambo anga ndi msodzi, sukulu sanapite nayo patali. Koma mlovi akabwera padoko maso ali psuu ndi malungo, samukweza m'boti. Amamubweza, ndipo m'mawa akakocheza amatuma mwana kukasiya usipa wa ndiwo kunyumba kwake. Si chifundo chokha ayi. Amadziwa kuti munthu wodwala akalefuka pokoka chilimira pakati pa nyanja usiku, mwera n'kuyamba, ovutika ndi onse ali m'botimo. Msodzi akuzidziwa zimenezi, nanga munthu wa satifiketi ya zokopa alendo chikumuvuta n'chiyani?

Ndikudziwa ena ayankha kuti anyamata amanamizira kudwala pomwe ali ndi matsire a kachasu. Zoona, alipo, ena ndi anzanga ndipo ndimawauza pamaso. Koma wabodzayo mugwireni yekha. Musalange mayi amene wagona ku wodi ndi mwana wake chifukwa cha chidakwa chimodzi.

Ifenso tili ndi vuto lathu. Mnzathu akadwala, m'malo mosinthana naye shifiti timathamangira kwa bwana kuti ndili ndi msuweni wanga akufuna ntchito. Manijala amatha kunena kuti "usabwerenso" chifukwa akudziwa kuti pageti paima anthu khumi, ndipo ndife tomwe timawabweretsa.

Ndiye chonde, yambani kusunga umboni. Buku la kuchipatala lijambuleni pa foni musanalipereke. Lembani m'kope tsiku limene munayamba ntchito, maola amene mumalowa ndi kutuluka, ndi ndalama iliyonse imene adula. Mauthenga a manijala a pa WhatsApp musafufute. Pa boma pali ofesi ya leba, kumeneko zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court.

Ine kope langa ladzaza masamba asanu ndi limodzi, ndipo Lolemba m'mawa ndikupita nalo ku leba. Mwina ntchito ithera pomwepo, mayi anga andiuza kale kuti ndisiye zimenezi. Amene akufuna kundiperekeza tikumane pa depoti 7 koloko, abwere ndi buku lake la kuchipatala.