ZA MAGALIMOTO: MUSATAYE MIPIRA NDI MALATA A PA INJINI

Mwezi wa October ukafika, dzuwa likayamba kuswa mtengo m'cigwa ca Luangwa, magalimoto akale amafera pa zitunda za msewu wa Great East Road, pakati pa Lusaka ndi Chipata. Mwini wace amangoti injini yakalamba. Koma kawiri-kawiri colakwa cimakhala kanthu kakang'ono kamene kanasiyidwa pansi pa mtengo tsiku lija makanika anamasula injini: mpira kapena lata lotseka mipata. Sabata ino, awerengi, tikambirane zimenezi.

Tiyambe ndi Volkswagen Beetle, pakuti pa iyo nkhaniyi imaoneka poyera. Galimotoyi inapangidwa yoposa 21 miliyoni, ndipo yomariza inaturuka ku Puebla, m'dziko la Mexico, mu 2003. Motero imene yatsala ndi nkhalamba yofuna cisamaliro. Injini yace iri kumbuyo, iribe radiyeta, iribe madzi. Imazizira ndi mphepo yokha. Fani yoyendetsedwa ndi lamba imakoka mphepo yozizira ca kumwamba, niikankhira pansi kupyola pa masilinda anai. Mphepoyo ikatenga moto imaturukira kunsi kwa galimoto, kumene kulinso mapaipi a utsi.

Tsono pakati pa mphepo yozizira ya pamwamba ndi mphepo yamoto ya pansi pali mpanda. Mpandawo ndiwo malata ozungulira injini, pamodzi ndi mpira wautali umene umatseka mpata pakati pa malatawo ndi thupi la galimoto. Mpirawo ukaola kapena kucotsedwa, fani imayamwanso mphepo yomwe ija yangotaya kumene, pamodzi ndi fumbi la mumsewu. Fani imazungulira ndithu, phokoso lace limamveka bwino, koma ikuuzira moto pa moto.

Palinso timipira tozungulira pa zingwe za mapulagi. Timeneti timatseka mabowo a pa malata kuti mphepo isathawe isanafike pa mitu ya masilinda. Aliyense wolima dimba adziwa kuti ngalande ikagumuka pamodzi pokha, ndiwo za kumapeto zimafota ngakhale mtsinje uli wodzaza. Mphepo nayonso imatsata njira yapafupi.

Zotsatira zace nzowawa. Oilo amasungunuka ngati madzi, mitu ya aluminiyamu imang'ambika, ndipo valuvu ya utsi ikhoza kuduka nigwera pa pistoni. Pa mainjini akale silinda yacitatu ndiyo inali kutentha koposa, cifukwa coziziritsa oilo cinali kuichinga mphepo. Opanga ace anasuntha coziziritsaco mu 1971. Ngati iwo anavutika cotero cifukwa ca mphepo ya silinda imodzi, ife tingataye bwanji lata lathunthu?

Eni Land Rover ndi Peugeot asaganize kuti nkhaniyi siiwakhudza. Madzi a m'radiyeta nawonso amazizira ndi mphepo. Pa magalimoto ambiri fani imazingidwa ndi lata kapena pulasitiki, kuti izikoka mphepo kupyolera m'radiyeta mokha. Cozingaco cikasowa, fani imakoka mphepo ya m'mbali. Pothamanga pa msewu wosalala simudzazindikira kanthu, pakuti liwiro lokha limalowetsa mphepo. Koma senzani matumba a cimanga, muyambe kukwera citunda ndi giya yaing'ono: pamenepo madzi adzawira.

Nanga tingacite ciani? Coyamba, usiku injini itazizira, ikani toci pansi pa Beetle yanu, ndipo muyang'ane kucokera pamwamba. Paliponse pamene kuwala kwaturukira, mphepo yamoto imalowera pomwepo. Caciwiri, gwirani mipira yonse; wouma ndi wothetheka usinthidwe. Cubu yakale yodulidwa bwino ingakufikitseni ku tauni, koma isakhudze paipi ya utsi. Cacitatu, musasiye sanza kapena pepala m'cipinda ca injini, cifukwa fani idzazimeza. Cacinai, nyali yofiira ya jenereta ikayaka muli pa ulendo, imani pomwepo. Lamba woyendetsa jenereta ndiye amayendetsanso fani, ndipo akaduka injini ingapse m'mphindi zowerengeka.

Comariza ndi ici: popereka galimoto kwa makanika, werengani malata ndi mipira pamodzi naye, ndipo muwerengenso poilandira. Akati, "Bambo, aka kalibe nchito," mufunseni mwaulemu cifukwa cace opanga galimoto anaonongerapo ndalama. Kumudzi galimoto imodzi ndiyo imanyamula odwala kupita ku cipatala ndi mbewu kupita ku msika. Ikafa cifukwa ca mpira wa mtengo wocepa, amene avutike ndi mudzi wonse.

Sabata ya mawa tidzakamba za kutsuka radiyeta. Tsalani bwino.