Mwana sadya dzino la mayi ake

Sabata yatha ndinali kwathu ku Kapichira. M'mawa wina ndinapeza msuweni wanga akutsuka mkamwa kuseri kwa nyumba. Ali ndi pakati pa miyezi isanu. Atalavula, thovu lonse linali lofiira. Ndisanamufunse n'komwe, azakhali anayankhira ali pamkeka: "Musiyeni, ndi mimbayo. Ine ana asanu, mano anayi anapita. Mwana amadya dzino la mayi ake." Anaseka. Ine kuseka kunandikanika, chifukwa azakhaliwo sanakwane zaka 50 koma chimanga chootcha anachisiya kalekale.

Asisi, tiuzane zoona. Mwana ali m'mimba satenga kanthu m'mano mwanu. Chimene chinagulula mano a azakhali ndi matenda a nkhama, omwe ambiri timangoti chiseyeye. Ndi matenda opeweka, ndipo ukawapeza msanga amachizika.

Amayamba chonchi. Tsiku lililonse pamalire a dzino ndi nkhama pamamatirira litsiro lonanda lodzaza tizilombo. Likapanda kuchotsedwa, nkhama zimafiira, zimatupa, zimatuluka magazi potsuka. Apa zinthu zikadali bwino: kutsuka mosamala kwa sabata imodzi kapena ziwiri kumabwezeretsa nkhama mwakale. Koma litsirolo likakhalitsa limauma gwaa ngati mwala, mswachi sungalichotsenso. Matenda amalowa pansi n'kuyamba kudya fupa logwira dzino. Nkhama zimathawa, mano amaoneka aatali, mkamwa mumatuluka fungo losatha, nthawi zina mafinya, kenako dzino gwedegwede. Fupa likadyeka silimeranso. Choopsa n'choti zonsezi nthawi zambiri sizipweteka mpaka kumapeto.

Nanga mimba ikubwera pati? Mahomoni a nthawi yoyembekezera amachititsa nkhama kutupa msanga ngakhale litsiro lili lochepa. Nde mayi akaona magazi amachita mantha, amasiya kutsuka pamalopo, matenda n'kukula. Azakhali anaona zoona, kungoti mlandu anaupereka kwa wosalakwa.

Ndipo nkhaniyi siithera mkamwa. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri waonetsa kuti amayi odwala nkhama amaberekanso kawirikawiri masiku asanakwane, vuto limene kuno ku Malawi ndi lalikulu. M'zipatala 8 za ku Lilongwe ndi madera ozungulira, ofufuza a Baylor College of Medicine ndi anzawo a kuno anatsatira amayi oposa 10,000. Onse anaphunzitsidwa za ukhondo wa mkamwa, koma ena anapatsidwanso chingamu cha xylitol, chopanda shuga. Zotsatira zomwe analengeza mu 2022 zinati mwa otafuna chingamucho, 12.6 pa 100 alionse anabereka masiku asanakwane, pomwe mwa enawo anali 16.5. Musathamangire chingamu cha paokala, chambiri ndi shuga yekhayekha. Phunziro lake ndi loti mkamwa mwa mayi woyembekezera ndi nkhani ya uchembere wabwino.

Nde funso langa nali. Kusikelo amayeza magazi, amayeza BP, amapima mimba. Bwanji kuyang'ana mkamwa kusakhale mbali ya ndondomekoyo kwa mayi aliyense? Ndikudziwa yankho lake: anamwino ndi ochepa, mzere ndi wautali, madokotala a mano nawo ndi owerengeka. Zoona. Dziko lino linayamba kuphunzitsa madokotala ake a mano mu 2019, pasukulu yomwe pano ndi KUHeS, ndipo Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya umoyo wa mkamwa mu 2022. Koma kufunsa mayi kuti "nkhama zikutuluka magazi?" sikutenga mphindi. Ndondomeko ikangokhala papepala, mayi wa ku Kapichira adzapitirizabe kulipira kabaza kupita kuboma ku Chikwawa pokhapokha dzino litafika pozula.

Nafenso tidziyang'ane. Mwana akatentha thupi timathamanga usiku womwewo. Ife tikalavula magazi miyezi itatu timati "zisiya zokha". Tinaphunzitsidwa kuti mkazi wabwino ndi wopirira, mpaka thupi lathu lomwe timaliika kumapeto kwa mzere. Ena ndife a mutauni, chipatala cha mano chili pafupi, koma sitinapondeko.

Zoyambira lero ndi izi. Tsukani kawiri patsiku, makamaka pogona, kwa mphindi ziwiri, ndi mswachi wofewa komanso mankhwala okhala ndi fluoride. Lozetsani mswachi pamalire a dzino ndi nkhama, mopanda kukhula ngati mukukwecha poto. Pakatuluka magazi musapazembe, ndi pomwe pakufunika kutsukidwa. Pakati pa mano chotsani zotsalira ndi ulusi wotsukira mano, osati singano kapena phini. Mchenga ndi makala zimangopala mano. Mukasanza, chukuchani ndi madzi kaye, mudzatsuke pakapita kanthawi. Fodya, kaya wosuta kaya ngirimbo, amakulitsa matendawa, ndipo wosutayo amabisanso magazi, munthu n'kumaona ngati ali bwino. Ngati muli ndi shuga samalani kwambiri, chifukwa matenda awiriwa amakolezerana. Malambe, masau ndi magwafa muzidya, kusowa vitamini C nakonso kumatulutsa magazi m'nkhama.

Magazi akapitirira sabata ziwiri, kapena dzino likayamba kugwedera, pitani kuchipatala cha boma lanu mukafunse a zamano, kapena ku Queens ngati muli ku Blantyre. Kupala litsiro louma lija n'kololedwa ngakhale muli oyembekezera, ingowauzani miyezi yanu.

Msuweni wanga ndinamugulira mswachi wofewa, ndipo tagwirizana kuti ulendo wotsatira wa kusikelo akanene yekha za magaziwo, asadikire kufunsidwa. Inunso ngati muli ndi mnzanu woyembekezera, muimbireni lero, mumufunse kuti thovu lake likumaoneka bwanji akalavula.