Mapanga Awiri Avumbwitsa: Mafumu pa Nthawi ya Chitaganya

Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Mwambi umenewu unawagwera mafumu a dziko lino m'chaka cha 1953, pamene atsamunda anakhazikitsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anthu akuda asakufuna.

Adzukulu ayenera kumvetsa kulemera kwa nkhaniyi asanaweruze. Ku Rumphi, ufumu wa Chikulamayembe, umene Angoni anauphwasula, unadzutsidwanso m'chaka cha 1907 ndi chilolezo cha boma la Angerezi. Kuyambira 1933 mafumu ozindikiridwa ndi boma anapatsidwa mabwalo a milandu ndi udindo woyendetsa madera awo. Tsono mfumu ya ku Bolero kapena ya ku Hewe inali ndi ambuye awiri: bwanamkubwa amene anali ndi mphamvu yoichotsa, ndi anthu ake amene ankadana ndi Chitaganya.

Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inasankha anthu. M'chaka cha 1953 inawauza kuti asamvere malamulo a boma a zaulimi. Boma linaichotsa pampando, inathawira kudziko la Apwitikizi, anaibweza, ndipo inamwalira mu 1954. Mafumu ena anakakamira boma poteteza mipando yawo, koma pofika 1959, chipwirikiti chitabuka, anthu awo omwe anali atawafulatira.

Kunja nakonso zinali chomwecho. Angerezi pochoka ku India mu 1947, mafumu oposa 500 anayenera kusankha pakati pa India ndi Pakistan. Mfumu ya ku Hyderabad inafuna kuima payokha, asilikali a India naigonjetsa mu 1948. Hari Singh wa ku Kashmir anazengereza mpaka nkhondo inamupeza pakhomo, ndipo mkangano wa dera limenelo sunathe mpaka lero.

Komabe tisanamizane kuti amene anasankha mtundu wawo anakolola zokoma zokhazokha. Kabaka Mutesa II wa ku Buganda anakhala pulezidenti wa Uganda mu 1963, koma mu 1966 anathawira ku London. Kuno kwathu lamulo la mafumu la 1967 linapereka kwa Pulezidenti mphamvu yozindikira mfumu ndi kuichotsa, mphamvu yomwe ija inali ndi bwanamkubwa. Mu 1968 Chitumbuka, chiyankhulo cha anthu a Chikulamayembe, chinachotsedwa pa wailesi. Goli linangosintha mwini.

Nanga Gomani anapindulanji? Mpando anautaya, koma dzina lake limatchulidwa mwaulemu kufikira lero, pamene ambiri amene anasunga mipando anaiwalika. Boma limatha kupereka malipiro ndi mkanjo, koma anthu ndiwo amasonkhana pabwalo mfumu ikaitana.

Funsoli silinakalambe. Nyengo ya chisankho ikafika, andale amafikabe kwa mafumu ndi mphatso ndi malonjezo okweza maudindo. Mfumu yolandira zimenezi iyambe yakumbukira kuti maboma atsamunda, a chipani chimodzi ndi a zipani zambiri abwera ndi kupita, koma mudzi umene idzaikidwamo m'manda ndi womwewo.